Viniga wakuda wa ku China amene ndimagula wasowa, ndisankhe uti?

Nachisale_M:

Moni nonse. Ndikupempha thandizo kwa amene mumadziwa zophika za Chitchaina. Pali viniga wina wakuda wa ku China amene ndakhala ndikugula kwa zaka, uja wokhalitsa, wonunkhira utsiutsi, wowawasa koma osati kuwawasa kobaya kukhosi ngati woyera uja. Ndimathira mu ma noodles, ndimaviikamo ma dumpling (timitanda ta ufa tokulunga nyama kapena masamba mkati), komanso nkhaka zophwanya zija za adyo popanda iyeyu sizikoma ndithu. Nde kushopu komwe ndimagula anangosiya kubweretsa, ndafunsa akuti amene amawatumizira katundu sakumutumizanso, pa intaneti ndasakasaka sakupezeka, botolo lomaliza latsala pansi penipeni moti ndikuchita kudontheza.

Ndinagula lina lolembedwa Chinkiang, kuda kwake n'chimodzimodzi, si woipa ayi koma si iyeyo, akutsekemera ndipo fungo la utsi lija mulibe. Kodi ndiyang'ane chani pabotolo kuti ndipeze wofanana? Komanso zaka amalemba kutsogolo zija, 3, 5, 10, n'zodalirika? Zikundiwawa kwambiri chifukwa chakudya chonse chasintha kakomedwe.

Mphika_Wakuda:

Achemwali botolo lakalelo musataye, ndi limene likuthandizeni. Koma mmene mwafotokozeramo ine ndikuona kuti munkagula wa m'chigawo cha Shanxi, amene amamutchula kuti lao chen cu (kutanthauza viniga wokhalitsa), ndipo amene mwagula panoyu ndi wa ku Zhenjiang m'chigawo cha Jiangsu (Chinkiang ndi kalembedwe kakale ka dzina la mzinda womwewo). Onse ndi akuda koma zopangira zake n'zosiyana kutalitali nde sangakome mofanana.

Wa ku Shanxi amapanga ndi mapira. Chowiritsira chake, chimene amati daqu, amaumba ndi balere ndi nsawawa, chimenechi chimawiritsa mapira aja n'kukhala mowa, kenako mowawo akausakaniza ndi gaga ndi mankhusu amausiya kuti usase uli phalaphala osati madzi okhaokha. Tsono utsi mukunenawo umachokera apa: gawo lina la phala losasalo amaliika m'mitsuko yokhala pamoto wochepa kwa masiku angapo, akulitembenuza, mpaka lida bii n'kuyamba kununkhira mokazingika. Sathira chodetsa chilichonse, kudako kumachokera pamenepo. Akasefa amamuika m'mbiya zikuluzikulu panja, nthawi yotentha dzuwa limaumitsa madzi, nthawi yozizira pamwamba pamaundana iwo n'kumachotsa ayeziyo kutaya, chaka ndi chaka viniga akuchepa m'mbiyamo koma akukhathamira. Ku Shanxi kumazizira koopsa nde njira imeneyi imatheka. Malo otchuka kwambiri pa ntchitoyi ndi Qingxu pafupi ndi mzinda wa Taiyuan, ndipo anthu a kumeneko amadziwika China yonse kuti sadya ma noodles popanda viniga patebulo.

Wa ku Zhenjiang ndi wa mpunga womata ndi gaga wa tirigu, amathiramo shuga pang'ono ndi mchere, mtundu wake umachokera ku mpunga wokazinga. Ndi wofatsa, n'chifukwa chake mwamumva kutsekemera.

Nde fufuzani wa ku Shanxi basi. Makampani odziwika ndi Donghu (mabotolo ena amalemba East Lake), Shuita, Ninghuafu ndi Zilin. Ine ndimakonda Ninghuafu koma izi ndi za lilime langa, inu mukhoza kugwa m'chikondi ndi wina.

Bambo_a_Tamanda:

Zoona zimene anena achimwene pamwambapa. Ine ndiwonjezere za lebulo chifukwa zaka za kutsogolo zija ine sindiyambira pamenepo, ndimatembenuza botolo kaye.

Kumbuyo kumakhala nambala yoyamba ndi GB, ndi nambala ya muyezo wa boma la China umene viniga ameneyo watsatira. Mukaona GB/T 19777 ndiye kuti ndi lao chen cu wa ku Shanxi weniweni, ndipo muyezo umenewo umafuna kuti akhale m'mbiya miyezi yosachepera 12 komanso asidi wake asatsike pa magalamu 6 pa mamililita 100. Mukaona GB/T 18623 ndi wa ku Zhenjiang. Mukaona GB/T 18187 ndi viniga wofulula wamba, akhoza kukhala wabwino ndithu koma sanalonjeze zonse zija, ndipo kampani imodzi yomweyo imatha kugulitsa mabotolo a mitundu iwiriyi, lina 19777 lina 18187, maonekedwe ofanana, nde munthu ukangoona dzina la kampani n'kunyamula ukhoza kufika kunyumba ndi wopepuka wa asidi 4 kapena 4.5 n'kumadabwa kuti bwanji sakukoma ngati kale.

Chitchaina simukuyenera kuchidziwa, ingoyerekezani zilembo. 老陈醋 ndi lao chen cu, 陈醋 yokha popanda chilembo choyambacho nthawi zambiri ndi wamba uja, 香醋 ndi wonunkhira wa mtundu wa Zhenjiang, ndipo pamene palembedwa 总酸 nambala yotsatirayo ndi ya asidi. Foni imamasuliranso mukajambula.

Kenako onani zopangira. Wabwino mndandanda wake ndi waufupi, madzi, mapira, gaga, balere, nsawawa, mwina mchere. Ndikaona caramel yodetsera ndimabweza pa shelefu chifukwa wokhalitsa weniweni safuna kupakidwa mtundu. Sodium benzoate si poizoni ayi koma amakuuzani kuti asidi ndi wochepa moti akufunika chomuteteza, pamene wa 6 kupita m'mwamba amadzisunga yekha.

Za zakazo, inde zimasintha kakomedwe, wa zaka 5 kapena 8 amakhala wolemera, mukapendeketsa botolo amatsalira m'mbali mwa galasi asanatsike, ndipo kuwawasa kwake kumabwera mochedwa. Koma nambala ya zaka ndi mawu a kampani, nde ndimaiyerekeza ndi asidi. Botolo lolembedwa zaka 10 koma asidi 4.5 ine sindilikhulupirira.

MayiWaAwiri:

Ine ndiyankhulireko Chinkiang amene mwagulayo amayi, musamuike kumbuyo kwa kabati. Mwina mwagula wamba wa miyezi yochepa. Hengshun, kampani yakale ija ya ku Zhenjiang imene inayamba mu 1840, ili ndi wa zaka 3 ndi wa zaka 6, ndipo wa zaka 6 uja ndi nkhani ina, wakuya bwinobwino. Utsi sumupeza, zimenezo ndikuvomereza, koma pa xiaolongbao (ma dumpling okhala ndi msuzi mkati) ndi jinja wodula timizere tating'ono kapena pa nkhanu, anthu a ku Shanghai ndi Jiangsu amagwiritsa ntchito ameneyu, wa ku Shanxi pamenepo amaphimba kukoma kwa nyama. Ine ndimasunga onse awiri, wa Shanxi wa ma noodles ndi ma dumpling, wa Zhenjiang wa nsomba ndi nthiti zotsekemera zija.

Chenjezo langa lili pa mawu oti black vinegar, chifukwa mabotolo ambiri otumizidwa kunja amangolemba choncho. Pali wina wa Chikantoni wotsekemera kwambiri wokhala ndi zonunkhiritsa, amene amaphikira miyendo ya nkhumba ndi jinja ya mayi amene wangobereka kumene, ndiye palinso wa ku Taiwan amene amathiramo zipatso ndi masamba, onsewo ndi akuda koma pa nkhaka zanu zija akukhumudwitsani.

Wa ku Shanxi akapanda kupezeka yesani Baoning wa ku Langzhong ku Sichuan, ndi wa gaga ndipo chowiritsira chake amasakanizamo zitsamba, kwa ine ndi amene amayandikirako kuposa Chinkiang. Pa maviniga anayi otchuka a ku China (Shanxi, Zhenjiang ndi Baoning ndi atatuwo) wachinayi ndi wa ku Yongchun ku Fujian, wa mpunga wofiira, koma ameneyo ali kutali ndi chimene mukufuna.

Nachisale_M:

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Ndatembenuza botolo lakale lija ndipo eee nambala yake ndi 19777, asidi palembedwa 6, kutsogolo zaka 5. Mtima wakhala pansi tsopano poti ndadziwa banja lake. Funso lina, pansi pa botolo pali zinthu zakuda zadikha ngati matope, kodi ndiye kuti waonongeka? Komanso ndikapeza wa 19777 wa kampani ina akhala chimodzimodzi?

Bambo_a_Tamanda:

Zodikhazo si vuto amayi, viniga wofulula wa mbewu amatero akakhalitsa, ingothirani mosamala kapena sefani. Chimene mungataye ndi amene wamera nkhungu pamwamba kapena fungo lasintha, ndipo wa asidi 6 sizichitikachitika.

Chimodzimodzi ndendende ayi, kampani iliyonse ili ndi daqu yake ndi mmene imakazingira phala lija, ena utsi wambiri ena wochepa, ena amamveka mchere. Nde tsalani ndi kamadontho kanu kaja, musamalize. Gulani timabotolo ting'onoting'ono tiwiri kapena titatu ta 19777, asidi 6, zaka 5, thirani aliyense pa supuni yake pambali pa wakaleyo, nunkhizani kaye kenako lawani pang'ono, mukumwa madzi pakati, chifukwa mukangolawa motsatizana lilime limachita dzanzi ndipo onse amamveka ofanana. Ndi bwinonso kulawira pa chakudya chimene mumadyera, ka noodles kopanda kanthu, popeza wina pa supuni amabaya koma m'chakudya chotentha amafatsa.

Ndipo jambulani lebulo yonse kutsogolo ndi kumbuyo mukaonetse mwini shopu ya zakudya za Chitchaina. Nthawi zina katundu sanasiye kupangidwa, angosintha botolo kapena dzina la Chingerezi la kunja, munthu wowerenga Chitchaina akaona dzina la fakitale ndi adiresi yake akuuzani pompo ngati ali naye mu chovala china. Mukamupeza sungani pamalo opanda dzuwa, kutali ndi mbaula, chitsekerero chothina, mufiriji safunikira. Pophika muzithira kumapeto chakudya chitatsala pang'ono kuphulidwa, wa zaka 5 mukamuwiritsa nthawi yaitali fungo lija limathawa ndi nthunzi.