SAT: kunyumba 1400, tsiku lenileni 1270. Chachitika n'chiyani?

Kadzidzi:
Moni nonse. Zotsatira za SAT, mayeso olowera ku mayunivesite a ku America, zatuluka, ndipo tulo sindikutiona. Pa mayeso oyeserera a mu Bluebook (pulogalamu ya pa kompyuta yolemberamo SAT) ndinkapeza pakati pa 1380 ndi 1420, koma pa enieni ndapeza 1270: Reading and Writing 690, Math 580. Masamu, amene ndimawadalira, ndi amene andigwetsa. Chondizunguza mutu n'chakuti gawo lachiwiri la masamuwo linali lofewa zedi, moti ndinamaliza nthawi idakalipo n'kutuluka ndikumwetulira. Kodi oyesererawa amawonjezera malikisi dala? Ndilembenso, kapena nzeru zanga zathera pomwepa?

Mphunzitsi wa masamu:
Pepani, Kadzidzi, koma kufewa kwa gawo lachiwiri ndiye chizindikiro chake. Chiyambire pamene SAT inasamukira pa kompyuta (kunja kwa America mu 2023, ku America komweko mu 2024), phunziro lililonse lili ndi magawo awiri. Masamu ndi mafunso 22 pa mphindi 35, kenako ena 22 pa mphindi 35. Mmene mwakhozera gawo loyamba ndi mmene kompyuta imasankhira lachiwiri. Mukakhoza bwino imakupatsani lovuta, lomwe limatsegula njira ya malikisi apamwamba. Mukaphonya angapo imakupatsani lofewa, ndipo kumeneko ngakhale mukhoze onse, simungafike pa 800, malikisi apamwamba kwambiri a phunziro limodzi.

Ndikuganiza kuti munapunthwa m'mphindi zoyambirira, mwina pa mafunso amene mumawadziwa bwinobwino. Ana anga ambiri amatero: funso likufuna mtengo wa 2x, iwo apeza x n'kuthamanga. Amathamangira gawo loyamba poganiza kuti zenizeni zili kutsogolo, chonsecho chitseko chili pomwepo. Nthawi ikatsala, bwererani muwerengenso zimene funso likufuna. Ndipo musasiye funso lopanda yankho, chifukwa kulakwa sakuchotserani malikisi.

Nyenyezi:
Aphunzitsi anena zoona, koma ine funso langa ndi lina: oyesererawo munkalemba bwanji? Bluebook imalola kutuluka pakati pa mayeso oyeserera n'kudzapitiriza nthawi ina. Tsiku lenileni mulibe zimenezo. Ndi maola awiri ndi mphindi 14, kupuma kamodzi kokha kwa mphindi 10, m'mawa, woyang'anira akuyendayenda, wina pambali akutsokomola. Masamu amabwera kumapeto, mutu utatopa kale ndi mafunso 54 a kuwerenga ndi kulemba. Chinanso, ngati mayeso amodzi munawabwereza, kapena mafunso ake munali mutawaonapo kwina, 1420 ameneyo anali wa kukumbukira. Yesani amene simunawatsegulepo, Loweruka m'mawa, foni ili kutali, osaimitsa wotchi. Amene mupeze pamenepo ndiye anu.

Chule wa m'dambo:
Ine sindikuvomereza kuti chilichonse chikhale ndi chifukwa chachikulu. College Board yomwe, bungwe loyendetsa SAT, pa lipoti la zotsatira, imaika malire osonyeza kuti munthu yemweyo atalemba tsiku lina malikisi akhoza kukwera kapena kutsika pang'ono. Komabe kutsika ndi 130 kwapitirira pamenepo, ndiye za gawo loyambazo zimvereni.

Lembaninso basi. Mayunivesite ambiri a ku America amachita superscore: amatenga malikisi anu apamwamba a phunziro lililonse, ngakhale achokere masiku osiyana. Ndiye 690 uja wasungika kale, nkhondo yatsala ya masamu. Koma si onse amatero, muone pa tsamba la yunivesite yanuyo. Phunziraninso Desmos, kakyuleta imene ili mu Bluebook momwemo. Mafunso ena a aljebra mungojambula girafu, yankho n'kuonekera pomwe mizere yakumana.

Kadzidzi:
Zikomo nonse. Aphunzitsi, nanga pali njira yoonera mafunso enieni amene ndinalakwa?

Mphunzitsi wa masamu:
Lipoti silionetsa funso lililonse, limangosonyeza mmene mwachitira pa mitu inayi ya masamu, monga Algebra ndi Advanced Math. Tiuzeni mutu umene watsika kwambiri, tiyambire pamenepo.