Kodi mitundu ya malamba m'masewera a judo imatanthauza chiyani?

Kholo la ku Linthipe:
Ndikupempha amene mumawadziwa masewera a judo kuti mundiunikire. Mwana wanga wa zaka 13, yemwe amaphunzira ku Lilongwe, wabwera kutchuthi ndi lamba wachikasu m'malo mwa woyera amene anayamba naye, ndipo akunena kuti kwatsala malamba anayi asanafike pa wakuda. Kodi mitunduyi imasonyeza mphamvu zogwetsera anzake, kapena nthawi imene munthu wakhala akuphunzira? Nanga wovala lamba wakuda ndiye kuti wamaliza?

Mphunzitsi wa pa boma la Ntcheu:
Bambo, mwana wanu wanena zoona. M'maiko ambiri wophunzira amayamba ndi lamba woyera, kenako wachikasu, wa olenji, wobiriwira, wa buluu, wa bulawuni, ndipo pomaliza wakuda. Lamba sasonyeza mphamvu za thupi, koma luso limene mphunzitsi waliona ndi kuliyesa: kugwa mosavulala, njira zogwetsera mnzako, kumupanikiza pansi, komanso khalidwe la wophunzirayo pakati pa anzake. Chifukwa chake mwana wochepa thupi akhoza kukwezedwa msanga kuposa mnyamata wadzitho amene amangodalira minofu.

Dongosololi linachokera kwa Jigoro Kano, yemwe anayambitsa judo mu 1882 pa sukulu yake ya Kodokan mumzinda wa Tokyo. Iye anagawa ophunzira m'magulu awiri, a kyu omwe ndi oyamba kumene, ndi a dan omwe ndi okhwima, ndipo mu 1883 anapereka dan yoyamba kwa Tomita Tsunejiro ndi Saigo Shiro. Pachiyambi panali lamba woyera ndi wakuda basi. Mitundu yambiriyi inafala ku Ulaya m'zaka za m'ma 1930, makamaka kudzera mwa Mikinosuke Kawaishi yemwe ankaphunzitsa ku Paris, pofuna kuti ophunzira aziona ndi maso kuti akupita patsogolo.

Wovala lamba wakuda sanamalize ayi. Ali ngati wophunzira amene wakhoza mayeso a Fomu 4 ndipo akulowa kumene kukoleji, pakuti lamba wakuda amayambira pa dan yoyamba, ndipo milingo ya dan ilipo 10. Kuyambira ya 6 mpaka ya 8 munthu amaloledwa kuvala lamba wosakaniza kufiira ndi kuyera, pamene ya 9 ndi ya 10 ndi za lamba wofiira, ndipo ofikapo ndi ochepa kwambiri, ambiri mwa iwo atakalamba.

Mayi wa ku Lizulu:
Ndiwonjezereko pa zimene aphunzitsi afotokoza, chifukwa mlongo wanga amene ali ku Johannesburg amachita jiu-jitsu ya ku Brazil, yomwe inachokera ku judo koma imalimbikira zogwirana pansi. M'masewera amenewo akuluakulu ali ndi malamba asanu: woyera, wa buluu, wapepo, wa bulawuni ndi wakuda. Malamulo a bungwe la IBJJF, lomwe limayendetsa mipikisano ikuluikulu ya jiu-jitsu, salola munthu wosakwana zaka 16 kuvala wa buluu, ndipo akauvala, kawirikawiri ayenera kukhala nawo zaka ziwiri asanakwezedwe. Ambiri amatha zaka pafupifupi 10 kuti afike pa wakuda. Choncho bambo, musayerekeze lamba wa buluu wa masewera awiriwa ngati kuti ndi chinthu chimodzi.

Kholo la ku Linthipe:
Zikomo aphunzitsi ndi inu mayi. Chimene chikundidetsa nkhawa tsopano n'chakuti lamba ndi nsalu yoti aliyense akhoza kugula m'kaunjika. Ndingadziwe bwanji kuti wa mwana wangayu ndi woyenerera?

Mphunzitsi wa pa boma la Ntcheu:
Nkhawa yanu ndi yomveka, bambo. Sukulu zikatsegulidwa, kaonaneni ndi amene amamuphunzitsayo, mukamufunse kuti dan yake anaipeza kuti, ndiponso ngati kalabu yake imadziwika ndi bungwe loyendetsa judo m'dziko muno. Panopa muuzeni mwanayo akusonyezeni kagwedwe pa udzu wofewa. Ngati akugwa atawerama mutu kuti chibwano chikhale pachifuwa, n'kumenya pansi ndi mkono wonse osati kutsamira chikhatho, ndiye kuti maziko a lamba wachikasu anawaphunzira bwino.