Mwana uja anatengadi Woodwork

Miyezi itatu yapitayo ndinafunsa ngati n'kwanzeru kulola mwana wanga wa Fomu 3 kutenga Woodwork ndi Technical Drawing. Bambo ake ankati ukalipentala angauphunzire kwa amalume ake kumsika, asatayire nthawi ya MSCE pa zimenezo. Ambiri munati asankhe yekha. Tinamusiya, ndipo teremu yatha.

Chandidabwitsa n'chakuti masabata oyambirira sanagwire sowo n'komwe. Ankangojambula. Kabokosi kamodzi akajambule kutsogolo, pamwamba ndi m'mbali, miyezo yonse m'mamilimita, mizere ina yokhuthala ina yodukaduka yosonyeza zobisika mkati. Akalakwitsa mamilimita awiri, aphunzitsi amati ayambirenso. Madzulo ankakhala pakhonde ndi T-square yobwereka (rula yooneka ngati chilembo cha T), akudandaula kuti masamu amutsatira mpaka ku workshop.

Kenako anabwera ndi kampando kakang'ono ka matabwa a paini, kopanda msomali ngakhale umodzi. Miyendo analowetsa m'mabowo osema ndi tchizulo, amati mortise and tenon. Amalume ake anakatembenuzatembenuza, kukakhalira, n'kungoti, "Mphwanga, bowo ili wasema ndiwe?" Kamagwedera pang'ono mwendo umodzi, koma bambo ake ndi amene amakhalirapo pomvera wailesi.

Vuto ndi zipangizo. Pasukulu pawo pulena imodzi amagawana ana asanu, ndipo magetsi akathima makina amangokhala. Matabwa a pulojekiti tinagula tokha.

Tsopano akukamba zodzapita ku yunivesite ya MUBAS kukachita uinjiniya, zikakanika akuti Lilongwe Technical College kudzera ku TEVETA. Ndamuuza kuti Physics ndi Masamu asazitaye.