Ndikufuna kukaona nyumba yosungiramo mbiri ya Chiairishi: ndiyambire kuti?

NaBanda, Santhe, Kasungu

Ndikupereka moni kwa nonse. Ine ndine mphunzitsi wa Chichewa kusekondale, ndipo mwana wanga wamkazi, yemwe ndi namwino ku Dublin, likulu la dziko la Ireland, wandiitana kuti ndikacheze naye kwa masabata atatu tikatsekera sukulu. Tsiku lina ananditumizira chithunzi cha chikwangwani cha pamsewu cholembedwa "Baile Átha Cliath" pamwamba ndi "Dublin" pansi, koma anandiuza kuti chifikireni kumeneko sanamvepo anthu akucheza m'chiyankhulo cha pamwambacho, chomwe ndi Chiairishi, kaya m'basi kaya m'sitolo. Nkhani imeneyi yakhala ikundizunguza mutu, chifukwa m'kalasi mwanga muli ana amene amachita manyazi kulemba chimangirizo m'Chichewa ngakhale ndicho anayamwira. Kodi kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale imene imafotokoza mbiri ya Chiairishi ndi chikhalidwe cha eni ake? Ndikonzekere masiku angati, poganizira kuti m'thumba mwanga si molemera?

aPhiri, Kamwendo, Mchinji

Mayi NaBanda, ine ndinakhalako chaka chimodzi ku Galway pa maphunziro a zaulimi, choncho ndikuuzani zimene ndinaona ndi maso. Yambani ndi Pearse Museum, ku Rathfarnham, m'Dublin momwemo, chifukwa mungafikeko pa basi ya mumzinda ndipo salipiritsa pakhomo. Nyumbayo inali sukulu ya anyamata yotchedwa Scoil Éanna, imene Patrick Pearse anaiyambitsa mu 1908 n'kuisamutsira kumeneko mu 1910, pofuna kuti ana aziphunzira m'Chiairishi ndi m'Chingerezi momwe. Mudzaona chipinda chimene anyamatawo ankagonamo ndi chimene iye ankawerengeramo. Pearse anaphedwa ndi boma la Britain mu 1916 chifukwa chotsogolera anthu a ku Ireland poukira ulamuliro wa Britain pa Isitala, ndipo monga mphunzitsi sindikukayika kuti malowo adzakukhudzani.

Koma kumene kunandigwira mtima ine ndi ku Blasket Centre, m'mudzi wa Dún Chaoin ku Kerry, kumadzulo kwenikweni kwa dzikolo. Nyumbayo imasunga mbiri ya anthu a pachilumba cha Great Blasket, amene ankakhalira kusodza ndi kuweta nkhosa, ndipo ankayankhula Chiairishi tsiku ndi tsiku. Achinyamata atatha kusamukira ku America, otsalawo, anthu 22 okha, anasamutsidwa mu 1953, ndipo mudziwo unasanduka bwinja. Chodabwitsa n'chakuti anthu ochepa chotere anasiya mabuku ofotokoza moyo wawo m'chiyankhulo chawo. Tomás Ó Criomhthain anali msodzi, ndipo Peig Sayers, mayi wodziwa nthano zochuluka, sankatha kulemba Chiairishi, kotero ankangosimba, mwana wake n'kumalemba. M'nyumbamo mumayenda m'khonde lalitali muli zithunzi ndi mawu a anthuwo, ndipo mukafika kumapeto pali galasi lalikulu loyang'ana kunyanja, chilumbacho chili poteropo. Ine ndinaima pamenepo nthawi yaitali, ndikukumbukira agogo anga amene anapita ndi nthano zawo zonse popanda wozilemba.

Mudzakwera sitima ya pamtunda pa siteshoni ya Heuston ku Dublin mpaka ku Tralee, ulendo wa maola pafupifupi anayi, kenako basi yopita ku Dingle, n'kupitirira pang'ono kufika ku Dún Chaoin. Patulani masiku atatu, musakapite n'kubwerera tsiku lomwelo.

aJere, Mkanda, Mchinji

Sindinapondeko ku Ireland, koma nkhani ya chiyankhulo chawo ndakhala ndikuiwerenga kwa zaka zambiri chifukwa imandikumbutsa zathu. Ife Angoni a kuno Chingoni chinatipulumuka, changotsala m'nyimbo za ingoma ndi m'mayina a mfunda, ndipo ambiri timaimba mawu amene sitingawamasulire. N'chifukwa chake, mayi, ndikukupemphani kuti mukafunsitsitse za mmene Chiairishi chinafookera. Njala yaikulu imene inayamba mu 1845, mbatata yachizungu itagwidwa matenda, inapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ena ochuluka chimodzimodzi n'kuthawira kunja, ndipo madera amene anapululuka kwambiri ndi omwe ankayankhula Chiairishi. Makolo otsala anaona kuti mwana wopita ku America kapena ku England afunika Chingerezi. M'sukulu zina mwana ankamuveka kandodo m'khosi, ndipo akayankhula Chiairishi ankagoba chizindikiro pakandodopo kuti alangidwe pambuyo pake. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira sukulu ina imene ndinaphunzirako, kumene wogwidwa akuyankhula Chichewa ankakumba dzenje la zinyalala anzake ali m'kalasi.

Pamene ndikusiyana pang'ono ndi aPhiri ndi apa: zinthu za m'magalasi sizingakuuzeni ngati chiyankhulo chili moyo. Pa kalembera wa 2022, anthu pafupifupi 1.9 miliyoni ananena kuti amatha kuyankhula Chiairishi, koma ochiyankhula tsiku lililonse kunja kwa sukulu anali pafupifupi 72,000 okha. Boma limachiphunzitsa m'sukulu, chili ndi wailesi yake, Raidió na Gaeltachta, kuyambira 1972, ndi kanema wa TG4 kuyambira 1996, komabe chiwerengero ndi chimenecho. Dún Chaoin ili m'dera lina mwa madera otchedwa Gaeltacht, kumene chiyankhulocho chikadali cha pakhomo, choncho mukatuluka m'nyumba ya mbiriyo mukalowe m'sitolo kapena m'tchalitchi, mukatchere khutu ngati ana akuyankhulana m'Chiairishi akakhala okhaokha.

NaMwale, Kasungu boma

Ine ndingowonjezera za ulendo, popeza ndinaperekeza mayi anga ku Ireland chaka chatha. Amalawi timafunika viza, ndipo viza ya Schengen, yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya, sigwira ntchito ku Ireland. Fomu imayambira pa intaneti, ndipo muyambe msanga kusonkhanitsa kalata yokuitanani ndi mapepala a kubanki; ofesi ya kazembe wa Ireland ili ku Lilongwe ngati pali zofuna kufunsa. Wina akakuuzani za malo a Chiairishi a ku Belfast, mudziwe kuti kumeneko ndi ku United Kingdom, kofunika chilolezo china. Mutenge jekete yosalowa madzi, chifukwa kugombe la kumadzulo mvula ndi mphepo sizisankha mwezi, ndipo mabwato opita pachilumba cha Great Blasket sayenda nyanja ikalusa.

NaBanda, Santhe, Kasungu

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Ndakambirana ndi mwana wanga, ndipo tagwirizana kuti sabata yoyamba tidzapite ku Rathfarnham, kenako iye adzapemphe tchuthi cha masiku atatu kuti tikagone ku Dingle. Bambo Jere, nkhani ya kandodo yandilasa mtima, chifukwa nanenso ndili mtsikana wa fomu 2 anandipatsa udindo wolemba mayina a anzanga oyankhula Chichewa, ndipo ndinkawalembadi. Ndidzatenga kope kuti ndikalembe zimene ndikamve, ndipo ndikadzabwera ndikufuna ophunzira anga a fomu 3 akalembe nthano kuchokera kwa agogo awo. Bambo Phiri, ndifunseko chimodzi: kodi ku Dún Chaoin komweko kuli malo ogona otsika mtengo, kapena ndi bwino kugona ku Dingle n'kulawirira m'mawa?