Mwana wanga akukanika kujambula mapu a Malawi, ndithandizeni

Membala wosatchula dzina:
Makolo anzanga, mutu wanga waima. Mnyamata wanga ndimamuphunzitsa pakhomo chimuchotsereni pasukulu ina yapulaiveti kuno ku Lilongwe, dzina sinditchula. Kumeneko anamuimikapo kutsogolo anzake n'kumamuseka chifukwa cha zojambula zake, chonsecho fizi ankakweza teremu iliyonse. Apongozi anga mpaka lero sandiyankhula bwino, akuti mwana ndikumusasatitsa. Bambo ake ali ku Joni, akaimba foni amangofunsa za njerwa za nyumba, za sukulu ayi. Geni yanga ya zitenje nayo yalowa pansi chifukwa m'mawa wonse ndimakhala naye.

Kuwerenga amawerenga bwino, maboma onse 28 amawatchula pamtima. Koma ndikati ajambule mapu a Malawi, nyanja amaiika mbali ya Zambia, phiri la Mulanje limakapezeka pafupi ndi Karonga. Amayamba bwinobwino pamwamba, akamafika pa Dedza pepala latha, Nsanje n'kungomufinyira pakona. Ngakhale ndimuikire buku pambali kuti akopere, zimatuluka zina. Dzulo anafufuta mpaka pepala linabooka, n'kukagona osadya. Nditani ine?

Mphunzitsi Wopuma:
Mayi, BWEZANI MWANAYO KUSUKULU. Uphunzitsi ndi ntchito yophunzira, si kuphika phala. Ife mapu tinkajambula ndi chala pamchenga, ukalakwitsa lula padzanja, mawa lake sulakwitsanso. Mwanayo ndi ulesi basi, wadziwa kuti akalira mumusiya.

Anaphiri a ku Zomba:
Ali ndi zaka zingati? Ali sitandade chani? Nanga maso munakamuyezetsa?

Bambo a Mapasa:
Musiyeni mwanayo asamutsire nyanja ku Mchinji, nafe tidyeko chambo chotchipa 😂

Mwana wa ku Chintheche:
Aiike kulikonse, bola asadule malire pakati pa madzi ngati mmene a Tanzania amachitira. Pangano la Britain ndi Germany la 1890 linaika malire m'mphepete mwa gombe la mbali yawo. Mumuuzenso kuti Likoma ndi Chizumulu ndi zathu ngakhale zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique.

Mphunzitsi Wopuma:
Mwaona? Zimenezi mayi wogulitsa zitenje angazidziwe? N'chifukwa chake ndikuti kusukulu.

Make Tada:
Abambo inu, ulemu pang'ono. Wanga anali chimodzimodzi, ankathira tiyi pambali pa kapu, nsapato kuvala mosemphanitsa, masamu akandondomeka manambala ankapendekera. Achibale anatiuza kuti walodzedwa, mbuzi yanga inapita kwa sing'anga ulele. Mwamuna wanga anachoka nthawi yomweyo, mpaka pano ndalama ya sopo satumiza. Tinakayezetsa maso, anapezeka abwinobwino. Achipatala anatiuza kuti maso akuona, koma ubongo ndi umene ukuvutika kuyeza kuti chinthu chili pati, chatalika bwanji, chili mbali iti ya chinzake. Kumenya sikunathandize kanthu, ine ndinayesa.

Madamu a Special Needs:
Ndinaphunzira ku Montfort ku Nguludi, koleji ya aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera. Sindinganene vuto la mwana yemwe sindinamuone, koma pepala loyera lopanda kanthu musamupatse kaye. Pamenepo mukumupatsa ntchito zitatu nthawi imodzi: kukumbukira maonekedwe, kuyeza kukula, ndi kuyendetsa pensulo. Dulani katoni m'maonekedwe a Malawi azingozunguliza, kapena matani mapu pawindo masana, pepala pamwamba, azitsatira mzere. Akatero aziikamo chinthu chimodzi patsiku. Lero nyanja yokha, mawa Shire yekha: kutuluka ku Mangochi, kudutsa m'nyanja ya Malombe, Liwonde, mpaka Nsanje. Pamwamba pa pepala lililonse ikani kadontho kofiira ka kumpoto, kasamasinthe malo.

Mphunzitsi Wopuma:
Katoni? Pa mayeso a MANEB adzalowa ndi katoni? Izi ndi zomwe zapha maphunziro m'dziko muno.

Madamu a Special Needs:
Bambo, tatsegulani mapepala a mayeso akale a sitandade 8. Kawirikawiri mapu amakhala ojambula kale, mwana amafunsidwa kutchula malo omwe aikapo chilembo. Chofunika n'kudziwa kuti chili pati, osati luso la pensulo.

Dalaivala wa Thiraki:
Ine mapu sindinawathepo kusukulu koma dziko lino ndimaliyenda usiku osasochera. Poti mwanayo amaloweza, mugwiritseni msewu wa M1: Karonga, Mzuzu, Kasungu, Lilongwe, Dedza, Ntcheu, Blantyre, Chikwawa, Nsanje. Gonekani chingwe pabwalo kuchokera kumpoto kupita kummwera, tauni iliyonse mwala wake, aziyenda akutchula. Akamatsika kuchoka ku Karonga, nyanja ili kudzanja lamanzere, kotulukira dzuwa. Beseni la madzi muike kumeneko.

Make Tada:
Zoona adalaivala. Ife tinaumba ndi dongo pathabwa, Mulanje chulu chachikulu, nyanja tinakumba n'kuthiramo madzi. Zala zinagwira zomwe maso ankakana.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo nonse. Aphunzitsi Opuma, mwana wanga si waulesi, amadzuka yekha kukatenga makope ine ndisanasese. Kusukulu komwe mukunenako ndi komwe anayambira kunyowetsa pogona. Ndipo apongozi anga akaona zomwe mwalembazi ndiye ndapsa, poti mlamu wanga ali pagulu pano. Za katoni ndiyesa mawa, ndili nawo wa sopo.

Anaphiri a ku Zomba:
Mayi, zaka zake? Ngati ali ndi zaka 7, ambiri pa msinkhu umenewo amasokonezabe kumanja ndi kumanzere, muyambe ndi mapu a nyumba yanu ndi njira ya kumpopi. Ngati ali ndi 12 ndi nkhani ina, mupite naye kuchipatala cha maso ku Kamuzu Central, akapezeka bwino mufunse za occupational therapist, katswiri wothandiza munthu kuzolowera ntchito za tsiku ndi tsiku monga kulemba ndi kujambula.

Mphunzitsi Wopuma:
Zaka zilizonse, yankho langa silisintha. Ndipo inu a Chintheche, mwaiwala kuwauza za mtsinje wa Songwe. Malire akumpoto ndi amenewo.

Mwana wa ku Chintheche:
Sindinaiwale bambo, Songweyo amasuntha njira yake mvula ikachuluka, ndiye nkhaniyo ndi yaitali. Bwerani ku inbox.