Zoona yisiti ya vitumbuwa ikuthandiza kupeza mankhwala a khansa?

Amake Tisa, Kapata:
Odziwa ndithandizeni. Loweruka mwana wa mng'ono wanga, amene akuphunzira za labu ku Lusaka, anandipeza ndikukanda fulawa wa vitumbuwa. Anatola kapaketi ka yisiti n'kuti, "Amayi aakulu, aka asayansi amakasintha majini n'kumayeserapo mankhwala a khansa ndi a mafangasi." Ndinaseka, ndimayesa akunena majini a ziwanda. Koma usiku tulo sitinabwere. Mlongo wanga anapita ndi fangasi ya m'mutu ija, cryptococcal meningitis, ndipo diripi yachikasu imene ankamuika inkamunjenjemeretsa mpaka bedi kugwedera. Yisiti ikulowapo bwanji? Nanga si GMO, mbewu yosinthidwa majini ija, yomwe Pulezidenti Mwanawasa anakana mu 2002?

Mphunzitsi wa ku Katete:
Pepani amayi za mlongo wanu. Mwanayo sananame. Yisiti ndi fangasi, ndipo selo lake, kachigawo kochepetsetsa kopanga chamoyo, limagawikana mofanana kwambiri ndi lathu. Khansa ndi maselo amene akana kuleka kugawikana. Leland Hartwell ndi Paul Nurse anapeza majini (osati a ziwanda, koma malangizo a chibadwa olembedwa mu DNA ya m'selo) oyendetsa kugawikanako pofufuza yisiti, n'kulandira mphoto ya Nobel mu 2001 pamodzi ndi Tim Hunt.

Yisiti yanuyo ili ndi majini pafupifupi 6,000. Asayansi anapanga mitundu masauzande, uliwonse atauchotsa jini imodzi. Amaika timadontho m'mbale za timaenje, n'kuthira mankhwala atsopano. Mawa lake amaona: uti wafa, uti ukukula? Maselo ambiri a khansa satha kukonza DNA yawo ikawonongeka. Ndiye mankhwala akapha yisiti yolemazidwa chimodzimodzi, n'kusiya yabwinobwino, amenewo amawatsatira. Yisiti imachulukana pa maola awiri osakwana, chakudya chake chachikulu ndi shuga. Mbewa za mu labu zingathe zimenezo?

Nesi Wopuma:
Diripi ija ndi amphotericin B, ndinaipachika kambirimbiri. Imapha fangasi koma imapwetekanso impso, n'chifukwa chake tinkayamba tathira madzi a mchere. Ubale umene aphunzitsi akuuyamikirawo ndi umenenso umativuta: chopha fangasi chimakonda kukhudza ndi munthu yemwe. Mankhwala ake alipo ochepa, amphotericin, flucytosine, fluconazole ndi ena owerengeka. Rapamycin anachokera m'dothi la ku Easter Island ngati wopha fangasi. Mu 1991 yisiti ndiyo inaulula pamene amagwira m'selo, ndipo lero mbale wake everolimus amapatsidwa kwa odwala khansa zina.

Jere wa ku Mtenguleni:
Ine GMO sindiikhulupirira. Lero mu labu, mawa mu nsima.

Mphunzitsi wa ku Katete:
A Jere, cha 2002 chinali chimanga chodya, chimene ena akanatha kubzala. Yisiti ya mu labuyi sigulitsidwa kuti anthu adye, imathera m'mbale momwemo, akamaliza amaipha ndi nthunzi yotentha. Munthu amalandira mankhwala, ndipo amafika kwa iye atayesedwanso pa nyama ndi pa anthu kwa zaka.

Amake Tisa, Kapata:
Zikomo nonse. Amayi anesi, funso lina: mlongo wanga ankamutapa madzi pamsana pafupipafupi. Zinali zochepetsa mutu uja kapena ankangopima?