Mlatho wa Charles uja ndakauona

Anzanga, paja mwezi watha ndinafunsa nthawi yabwino yoyendera mlatho wa Charles ku Prague, likulu la dziko la Czech Republic, popanda kupanikizana ndi anthu. Amene munati ndilawirire munanena zoona. Ndinafika 6 koloko m'mawa, nkhungu idakali pamtsinje wa Vltava, pamlatho pali anthu owerengeka ojambula zithunzi. Pobwerera masana panalibe poponda.

Anayamba kuumanga mu 1357, nthawi ya mfumu Charles IV, ndipo ndi wotalika mamita 516. Galimoto sizidutsapo. Uku ndi uku kwandandalika ziboliboli 30, zambiri za oyera mtima, ngakhale zochuluka n'zosemedwanso, zenizenizo anakazisunga kwina kuopa kuwonongeka.

Pomwe ndinakhalitsa ndi pa chiboliboli cha Jan wa ku Nepomuk cha 1683, wansembe amene anaponyedwa mumtsinjemo kuchokera pamlathowu mu 1393 molamulidwa ndi mfumu Václav IV. Chitsulo cha m'munsi mwake chikuwala ngati golide chifukwa cha manja a anthu ochisisita. Akuti ukachikhudza udzabweranso ku Prague. Ine zoterezi sindizikhulupirira kwenikweni, komatu dzanja ndinaikapo ndithu. Kansanja ka kumapeto kwa mlathowu, mbali ya Old Town (dera lakale la mzindawu), ndinakwera, masitepe ake mawondo anadandaula.